Amayi Adakhala Kumanzere

Bambo anga adagwidwa ndi sitiroko akusoka ukonde pansi pa mtengo wa mango, kwathu ku Lungwena. Atatuluka m'chipatala ankayankhula bwinobwino, mwendo wokha ndiwo unkakoka. Tidafulumira kuthokoza Mulungu, osadziwa kanthu.

Tidayamba kuzionera pa mbale. Ankadya mpunga wa mbali ya kumanja, wa kumanzere n'kuusiya ngati wadulidwa ndi mpeni, kenako n'kumadandaula kuti tikuwamana chakudya. Ndikatembenuza mbaleyo, ankadabwa kuti mpunga winawu wachokera kuti. Pomaliza swala, pemphero lathu la Chisilamu, ankapereka salamu kumanja kokha m'malo mwa mbali zonse ziwiri, munthu amene ankatikwapula tili ana tikalakwitsa pang'ono pomwe.

Adokotala adati maso alibe vuto. Adatifotokozera kuti ubongo ndiwo umasankha zoti munthu azilabadira, ndipo wa bambo unali utasiya kulabadira chilichonse cha kumanzere. Adatilangiza kuti wowasamalira azikhala mbali imeneyo n'kumawayankhula, mwina angaphunzirenso kutembenuka.

Amayi anga ndi munthu womvera malangizo mpaka kukwiyitsa. Adayala mkeka pakhonde, kumanzere kwa mpando wa bambo, n'kukhala pamenepo miyezi isanu. Ankawapukuta thukuta, kuwaingitsira ntchentche, kuwauza amene wapha usipa wambiri kudoko. Mawuwo bambo ankawamva, koma ankayankha akuyang'ana ine kapena chipilala cha khonde. Alendo akabwera kudzazonda, ankawauza kuti akazi awo adawathawa, amangomveka chapatali. Nthawi imeneyo amayi ali pomwepo, dzanja lawo lili paphewa la bambo.

Ine zinkandiwawa kwambiri, ndipo ndidakangana ndi amayi kangapo. Ndinkawauza kuti asamukire kumanja, ndi mapazi atatu okha, asiye kudzizunza chifukwa cha mawu a munthu amene adationa kamodzi. Iwo ankati akasamuka ndiye kuti avomereza kuti amuna awo sadzachira.

Lachisanu lina masana, anthu akuchokera ku mzikiti, ndidaona amayi akupinda mkeka. Sadandiyang'ane. Adadzera kumbuyo kwa mpando n'kukakhala kumanja, ndipo ndidadziwa kuti ataya mtima.

Bambo adawayang'ana nthawi yaitali. Ine kupusa kwanga ndinkayembekeza kuti amwetulira.

"Mwabwera lero?" adatero bambo. "Miyezi yonseyi ine ndikudwala, inu munali kuti?"

Amayi adangoti pepani.