Geti la a Mawaya

A Mawaya sanabadwe ndi dzina limenelo ayi, koma ndani lero angakumbuke lenileni? Ngakhale akazi awo akapsa mtima amakuwa kuti, "Inu a Mawaya inu!" Garaja yawo ili kumapeto kwa tawuni, pamene msewu wochokera kunkhalango umatsetsereka phiri n'kudzawongoka. Ndi shedi ya malata, pansi pali bii ndi oyilo, ndipo kwa zaka zambiri geti lake silinkatsekedwa. Mbuzi zinkalowa kudzatafuna makatoni, agalu ankagona kunsi kwa magalimoto, koma mukanangoyerekeza kuligwira getilo mukanaiona bwino nkhope ya mwini wake.

Ntchito yawo ndi imodzi basi. Magalimoto a kampani yodula ndi kudzala mitengo amayenda m'tinjira tothina, momwe nthambi zimakwapula galasi lakutsogolo mpaka kuliswa. Ndiye a Mawaya amawotcherera tizitsulo pa ngodya ziwiri za bampala, tina pa keliyala ya padenga, n'kukunga mawaya awiri, wina kumanja wina kumanzere, kuchokera pansi kukwera m'mwamba. Nthambi ikabwera imatsetsereka pawayapo n'kudutsa pamwamba, galasi osalikhudza. Mwina mukuti, aa, imeneyonso ndi ntchito? Kayeseni nokha, mukabwerako magalasi ali m'masaya.

Kagwiridwe kawo kanali kawokawo. Waya watsopano sankaumanga tsiku lomwelo. Ankayamba aupachika pa mtanda wa denga, kunsi atamangirirako chiinjini chakufa, kuti utamuke mpaka mwano wonse uthe. Akaumanga pagalimoto ankauliza ndi chala ngati nsambo ya banjo, khutu lili tcheru, uku akupotokola chitsulo chokungira mpaka liwu liwakhalire. Galimoto iliyonse ankaipatsa liwu lakelake. Ikamatsika phiri lija, mphepo inkaliza mawayawo, ndipo iwo ali chigonere kunsi kwa galimoto ina ankangoti, "Uyo ndi Chimphuno akubwera, bisani fodya." Sankaphonya.

Liwu lalikulu kuposa onse, lolira ngati bemberezi m'nsungwi, analipatsa mng'ono wawo, dalaivala amene anthu ankamutcha Liwiro. Liwiroyo analowa m'nkhalango m'mawa wina wa nkhungu, akuseka, atawatsomphola a Mawaya chipewa kumutu. Sanatulukemo. Anthu anafufuza m'zigwembe mpaka nsapato kuperepeseka, osatola ngakhale nati imodzi. Abale atati tilire maliro, a Mawaya anawafunsa kuti, "Mtembo mwauona?" Kuyambira tsiku limenelo geti linakhala pululu, ndipo liwu lija sanalipatsenso galimoto ina.

Masiku ena, dzuwa lili paliwombo, tawuni yonse ili zii, ankaimitsa hamala m'malere n'kupendeketsa mutu.

"Mwamva, mayi ake mwana?"

"Ndi mawaya a magetsi amenewo. Bwerani mudye, mundipengetsa ine."

Amayiwo ankanena choncho, koma nawonso ankaona agalu akutuluka kunsi kwa magalimoto, n'kukaima pageti akugwedezera michira msewu wopanda munthu.

Mwana anali naye mmodzi, wamkazi. Mano ake anamera akuluma sipanala, ndiye dzina linangokhala Sipanala, ngakhale mayi ake analimbana nalo mpaka kutopa. Atakula anakaphunzira kuyendetsa galimoto, ndipo kampani yomwe ija inamulemba ntchito. A Mawaya anakalipa mpaka mawu kusasa. Akazi awo anangowayankha kuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, nkhani n'kuthera pomwepo.

M'mawa wina Sipanala analowa pageti ndi galimoto yatsopano, yonunkha mapepala.

"Ababa, ndimangireni mawaya msanga. Andituma kutsidya kwa mtsinje, kokayeza mitengo."

Kutsidya kwa mtsinje! Njira yake ndi yomwe ija inameza Liwiro. A Mawaya anayang'ana phiri, n'kuona nkhungu itakhala pamwamba ngati bulangete lonyowa. Mantha anawagwira, manja n'kuyamba kuchita zawozawo. Anadula waya pa mkukutu watsopano, anawotcherera, anamanga, anakunga. Anakungitsa mpaka wayawo kulira ng'wii ngati udzudzu, kuti liwu la mwana wawo litalikirane kwambiri ndi la mng'ono wawo. Sipanala anawaseka kuti akalamba, anaimba huta, uyo wapita.

Anadzakumbuka masana, atapunthwa pa chiinjini chakufa chija chili pansi, chopanda waya. Kalanga ine, munthu amene ankanyoza anzake kuti kuthamanga sikufika! Anamumangira mwana waya wosatamula. Waya wotero nthambi zikaukwapula umakhwefuka, ndipo nthambi yaikulu ikadza imautsitsa n'kulowa pagalasi, pankhope penipeni pa dalaivala.

Mvula inayamba kuwaza. Magalimoto anayamba kutsika phiri, iwo ali chiimire pakhomo la shedi, akutchula: uyo Chimphuno, uyo Mlamu, uyo Wachipewa-chofiira. Onse anadutsa. Udzudzu uja sunamveke. Akazi awo anawabweretsera madzi, iwo osawaona n'komwe. Mumtima ankangoti, ndapha mwana ndi manja angawa.

Dzuwa litapendeka, mvula inakata, kunja kunangoti phee. Agalu anatuluka kunsi kwa magalimoto, mmodzimmodzi, n'kukaima pageti. Kenako liwu linamveka kuchokera m'nkhungu, lalikulu, lokoka, vuuu, bemberezi m'nsungwi.

Nthawi ino amayiwo sanatchule za magetsi. Kapu inawapulumuka m'manja. A Mawaya anaganiza kuti Liwiro watopa kukhala yekha, wakatenga mwana, ndipo akubwera kudzawauza.

Galimoto inatuluka m'nkhungu, matope mpaka padenga, masamba ali lendelende pamawaya. Inalowa pageti, injini n'kuzima. Amene anatsika anali Sipanala, wamoyo, galasi lili bwinobwino.

A Mawaya anathamangira waya wakumanja n'kuuliza ndi chala. Unalira vuuu. Unali utatamuka tsiku lonse mpaka kutsikira pa liwu la Liwiro. Anayamba kuseka, misozi ili mbwembwembwe.

"Mwaona zochita zanu?" anatero akazi awo. "Mukanandiphetsa ndi mtima chifukwa cha ulesi wanu."

Koma Sipanala sankaseka nawo. Ankaunguzaunguza m'garajamo.

"Ababa, walowa muno ine ndisanafike ndani? Ndikufuna ndimuthokoze."

"Palibe amene walowa, mwanawe."

"Ayi, analipo. Pobwerera ndinasochera m'nkhungu, ndiye ndinamva mawaya akulira patsogolo panga. Galimotoyo sindinaione, koma nthambi zinkagwedezeka ngati yangodutsa kumene, ndiye ndinaitsatira. Titafika pamtsinje inakhotera kumanzere, kukanjira kakale komera udzu. Nditayang'ana kumanja, kumene ndikanalowera, mlatho palibe, madzi atenga. Yanditsogolera mpaka pa phiri pano."

A Mawaya anakaima kutsogolo kwa bampala, anatambasula manja, n'kugwira mawaya onse awiri zolimba kuti asalire. Mawayawo anangoti zii m'manja mwawo.

Liwu lija silinaleke. Linkalira kunja kwa geti, pafupi, pamsewu pomwe panalibe galimoto, panalibe tayala, panalibe ngakhale mkwaso pamatope. Agalu ankagwedeza michira mpaka matupi kupindika.

"Ababa," Sipanala ananong'ona, atagwira mkono wa mayi ake, "kodi ndi bambo aang'ono?"

A Mawaya anasiya mawaya n'kuyenda mpaka pageti.

"Liwiro! Lowa, mphwanga. Geti ndi lotsegula, sindinatsekepo ine. Chipewa chija khala nacho, sindikufunsa."

Liwu lija linaima pomwepo kanthawi, monga amachitira dalaivala akamatembenuza galimoto pamalo pothina. Kenako linayamba kukwera phiri, likuchepa, likuchepa, mpaka nkhungu inalimeza. Agalu anabwerera kukagona.

Mkulu uja analira ngati mwana, kulira kumene anakukaniza zaka zonse zija. Atatha anapukuta nkhope ndi nsanza ya oyilo, anagwira geti n'kukoka. Linakana, poti linali litachita dzimbiri, udzu utalimanga kunsi.

"Mukutani, bambo ake mwana?"

"Tandithandizani. Liwiro wamufikitsa mwanayu pakhomo. Iye kwawo ndi uko tsopano."

Anakoka onse atatu, geti likulira, mpaka linatsekeka.