Ndiwo za M'chigafa

Fungo la masamba ovunda pansi pa misuku limandipsetsa mtima masiku ano, koma chaka chimene ndinali mu sitandade faifi linkandikoka mphuno ngati nyama yowotcha. Kuseri kwa munda wathu, kufupi ndi Namitete, kunali kankhalango ka misuku ndi mitengo ina yotchedwa tsamba. Sikanali kakakulu ayi. Ukaima mbali ino unkamuona mnzako ali mbali inayo. Koma mvula ikagwa mowirikiza mu Disembala, bowa wa ndelema ankatumphuka m'menemo, woyera ngati mazira a nkhuku yoikira kutchire.

Amayi ankandidzutsa m'mamawa, iwo beseni, ine lichero. Mame ankanyowetsa kabudula, linthumbu n'kumandiluma m'miyendo, ine n'kumadumpha ngati ndagwidwa mizimu, amayi kuseka mpaka kukhala pansi. Anandiphunzitsa kuzula bowa mopotokola kenako kukwirira kadzenje ndi masamba. Wamng'ono tinkamusiya kuti akule. Dzuwa likamakwera tinkakhala titafika kale pamsewu wa ku Mchinji, bowa titamuunjika m'timbale. Magalimoto a m'tauni ankaima, azimayi a magalasi akuda n'kumanenerera mtengo ngati bowayo anamera pakhonde pawo. Pobwerera tinkagula mchere, sopo, ufa pang'ono ndi chigumu changa chodyera m'njira. Miyezi imeneyo m'nkhokwe munkangolira mbewa, ndipo chimene chinkatidyetsa chinali beseni lija.

Abambo anali ndi zawo. Fodya wawo wa bale anachita bwino chaka chimenecho, masamba ngati makutu a njovu, koma chigafa choyanikiramo chinali chitadyedwa ndi chiswe. Ankafuna mphanda zatsopano ndi mikangala yopachikapo fodyayo. Tsiku lina ndinawapeza akunola nkhwangwa maso ali kumisuku kuja. Ndinathamanga kukauza amayi, paja pakamwa panga sipanasungepo kanthu.

Amayi sanakalipe. Masana anagwada monga mwa nthawi zonse n'kuika mbale yovundikira pamaso pa abambo. Abambo atasamba m'manja anavundukula. Munali masamba a fodya, oduladula bwinobwino ngati nkhwani, pamwamba atawaza mchere ndi katomato.

"Ichi n'chiyani, Nabanda?"

"Ndiwo za m'chigafa, bambo a Yami. Yambani kuzolowera. Mukadula misuku ija tizidya zimenezi mpaka mudzapite ku okushoni."

"Fodya ndiye amabweretsa ndalama pakhomo pano."

"Eya, mu Meyi. Nanga lero ndi Meyi? Komanso mitengo imeneyo munaipeza, akamwini inu. Simunabwere nayo panjinga."

Ndinasendera kukhomo kuti zikavuta ndithawe. Abambo anayang'ana mbale ija, anayang'ana ine, kenako anaseka mpaka kutsamwa. "Fodya ndiye ayi, koma katomatoka kandiwawa," anatero. Apo amayi anatulutsa mbale yeniyeni, ndelema wotendera, ndipo abambo anadya mpaka kupukuta mbale ndi chala.

M'mawa mwake anapita kwa aphunzitsi ena opuma ntchito amene anali ndi munda wa bulugamu. Anawalimira ganyu, malipiro ake mitengo. Chigafa chinatuluka chopendekeka ngati munthu wochokera kumowa, ndipo anansi ankachipatsa moni podutsa, koma chinaima. Masana ndinkasoka fodya mpaka zala kuda ndi utomoni wowawa uja, m'mawa n'kumapitabe kubowa. Nyengo imeneyo tinadya kuwiri. Fodya atagulidwa abambo anabwera ndi malata ndi nsapato zanga zoyamba, amayi n'kuwauza kuti athokoze misuku chifukwa popanda iyo nsapatozo zikanapeza mwini wake atauma.

Nthawi imeneyo ndinkaona ngati amayi akungochita makani. Ana tonse tinkadziwa kuti bowa amabwera ndi mabingu, ndiye mitengo inkalowapo bwanji? Kankhalangoko amalume anadzakagulitsa kwa owotcha njerwa ndili fomu thu. Chaka chomwecho fodya sanagulidwe bwino, ndipo temu ya Januwale inatsegulidwa popanda ine. Musandifunse zambiri, pano ndimapalasa kabaza. Ndinadzamvetsa mochedwa kuti ndelema amayamwa kumizu ya msuku, ndipo ife tinkayamwa kwa ndelema. Mabingu akugundabe chaka chilichonse, mwina kuposa kale, koma pamalo paja pamamera chisoso chokhachokha.