Chofiira cha nyemba zathu

Gulu lathu la amayi a kutchalitchi litayamba kulongedza nyemba m'timatumba ta pulasitiki, amene anasankha mtundu wa chizindikiro chathu ndinali ine. Tinakhala pansi pa mtengo wa pichesi kuseri kwa tchalitchi, kwathu ku Lobi, ena akuti chikhale chobiriwira, ena chachikasu, phokoso lokhalokha. Ine ndinangotapa nyemba m'thumba n'kuzimwaza pachitenje. Zinali zongopunthidwa kumene, zofiira, zonyezimira ngati zadzola mafuta. Ndinati, "Mtundu wathu ndi uwu." Palibe anatsutsa.

Kuyambira pamenepo maulendo a ku Lilongwe anakhala anga. Kabaza mpaka pamsewu wa tala, minibasi pa Chimbiya, kenako kwa bambo wina wovala magalasi amene anali ndi makina osindikizira. Ndikafika ndinkamasula nsonga ya chitenje n'kukhuthulira nyemba patebulo pake. Iye ankayang'ana nyemba, n'kuyang'ana kompyuta, akusinthasintha mpaka ine nditavomera ndi mutu. Zimenezo zinkandikoma, sindinama. Bambo wamkulu, makina ake aakulu ngati galimoto, kudikira mutu wa mayi wa ku Lobi. Pobwerera amayi ankandizungulira kufunsa za m'tauni, ine n'kumayankha mosafulumira.

Timatumba tinasindikizidwa nyemba zitangokololedwa. Mapepala omata pamakatoni ndinakapangitsa nthawi yachisanu itatha. Chinsalu chachikulu chopachika pamalo ogulitsira ndinakachipangitsa mvula ili pafupi. Ulendo uliwonse ndinkatapa nyemba m'thumba lomwelo la kuchipinda kwanga, kuti mtundu usasinthe.

Ndiye mwini sitolo amene ankatigula katundu anaimba foni. "Amayi, kodi muli magulu angati? Katoni mtundu wina, thumba mtundu wina. Makasitomala akuti zina mwa izi n'zachinyengo." Anati tikonze, apo ayi shelefu apatsa ena.

Pamsonkhano tinayala zinthu zitatuzo pamphasa. Thumba linali lofiira ngati magazi, katoni ngati njerwa yootcha, chinsalu ngati chiwindi chophika. Zonse zofiira, paja Chichewa chathu sichisankha, koma osafanana ngakhale pang'ono. Ine ndinalusa. Ndinati wosindikiza uja ndi kamberembere, amatiyesa anthu akumudzi opanda maso.

Mlamu wanga, mlongo wake wamng'ono wa mwamuna wanga, anali kumapeto kwa mphasa. Ntchito yake pagulu inali kuyeza nyemba pasikelo, ndipo pamsonkhano sankatsegula pakamwa. Tsiku limenelo anakweza dzanja.

"Alamu, pepani. Nyemba zimene munkapita nazo zija zinali za mwezi umodzi?"

Mayi wina anaphulika kuseka, ena n'kutsatira. Ngakhale mwana amadziwa kuti nyemba ikakhalitsa imada. Ine mlimi wa nyemba kuyambira ndili mtsikana, ndinakhala miyezi yonseyo ndikunyamula chitsanzo chimene chinkasintha m'manja mwanga. Manyazi anandigwira, koma pansi pa manyaziwo panali china choyaka kwambiri. Bwanji iyeyo? Bwanji osaganiza ine?

Gulu linati ulendo wotsatira tipite awiri. M'minibasi ndinamulankhula mawu osakwana khumi.

Kwa wosindikiza ine ndinayamba ndi madandaulo. Mlamu anadikira kuti ndimalize, n'kufunsa modzichepetsa kwakeko, "Bambo, makina anuwa alibe njira yokumbukira mtundu, popanda ife kubwera ndi nyemba?"

Bamboyo anavula magalasi n'kumuyang'anitsitsa. Anati mtundu uliwonse uli ndi manambala ake anayi, ndipo ukawalemba, kaya ndi papulasitiki, pakatoni kapena pansalu, iye amayesa pang'ono kaye mpaka zitafanana.

"Nanga ine simunkandiuza bwanji?" ndinatero.

"Simunafunse, mayi. Munkangobwera ndi nyemba."

Anamukokera mpando mlamu wangayo. Ine maulendo onsewo ndinkaimirira. Mpando wamba wa pulasitiki, mwendo umodzi womangidwa ndi waya, koma ndinausirira ngati ndi wa bishopu.

Anasindikiza timapepala titatu, mitundu itatu ija, n'kutiyala patebulo kuti tisankhe umodzi woti ukhale wamuyaya. Mlamu anatembenukira kwa ine. "Alamu, mwini mtundu ndinu. Weniweni ndi uti?"

Akanafunsa monyoza zikanandipepukira. Koma anafunsa ndi mtima woyera, cholembera chili m'manja, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa kuseka kwa amayi aja. Weniweni ndinkauona, kumanzere, wowala ngati tsiku lija. Ndinaganiza mwachangu: ntchitoyi yapita kale kwa iyeyu. Katundu akatuluka wothimbirira, wosakopa maso, amayi adzati zinthu zaipa chilowerereni iye, n'kundiitananso. Ndinaloza wakumanja, wa chiwindi uja.

"Mwatsimikiza, mayi?" anafunsa bamboyo.

"Ndi nyemba zanga," ndinayankha. Mlamu analemba manambala anayiwo mosamala, n'kuwawerenganso mokweza.

Ndinadikira kuti zigwe. Sizinagwe. Matumba, makatoni ndi chinsalu chatsopano zinatuluka ngati ana a mimba imodzi. Mwini sitolo anati tsopano tikuoneka ngati kampani, anawonjezanso kuti mtundu wakudawo sumaonetsa fumbi. Pa chisankho amayi anati maulendo a m'tauni azipita mlamu. Nanenso ndinakweza dzanja, maso a anthu anali pa ine. Chondipsetsa mtima n'chakuti maulendowo sawasamala n'komwe. Nthawi zambiri amangotumiza manambala pafoni ali m'dimba mwake, akuthirira kabichi. Chinthu chimene ine ndinkachivalira chitenje chatsopano!

Ine ndiye ndili pasikelo. Lachinayi lililonse matumba othimbirirawo amadutsa m'manja mwanga, limodzilimodzi, onse ofanana ndendende, ndipo palibe nyemba imene ingadzawasinthenso. Mwamuna wanga amati ndikamachokera kumeneko nkhope imakhala ngati ndamwa mankhwala a malungo. Sindinamuuze chifukwa. Kwa wansembe ndinangoti, "Ndinachita nsanje," osapitirira pamenepo.

Mwezi watha panabwera amayi atsopano asanu kudzalowa gulu. Mmodzi ananyamula thumba n'kufunsa chifukwa chake tinasankha mtundu wakuda chonchi, pamene nyemba zathu n'zowala. Mumtima ndinati mwina lero wina aona zimene ndinachita.

Mlamu anamwetulira n'kundiloza. "Anatisankhira ndi alamu angawa. Ine ndinkafuna wowala uja, koma ndinati iwo ndiwo ali ndi diso."

Amayi anandiwombera m'manja, ena mpaka nthungululu. Ndinapinda maondo pang'ono kuthokoza, monga mwa ulemu, n'kutapa nyemba zina kuika pasikelo.