Chingwe cha khoka chitaduka

Nditangokwatira ku Bua, masiku aja tinkayenda ndi khadi la chipani m'thumba, apongozi anga, bambo Selemani, anandiika pa chingwe cha khoka lawo. Khoka limakokedwa ndi magulu awiri, lina chingwe ichi, lina icho, ndipo mphamvu ziyenera kufanana. Mbali ina ikafooka, ukonde umapendekeka, nsomba n'kuthawa.

Ine wobadwira kumtunda, manja anachita matuza tsiku loyamba lomwe. Ndiye ndinapeza nzeru. Chingwe ndinkangochigwira, n'kumabuula ngati ndasenza thumba la mpunga, ndipo nyimbo yokokera ndinkaiimba mokweza kuposa aliyense. Mbali yathu inkatsalira, koma anthu ankadzudzula mlamu wanga Yusufu poti anali woonda. Ine ndinkangopitiriza kuimba.

M'mawa wina khoka linakodwa pa chitsa pansi pa madzi.

"Kokani ndi mphamvu," anatero apongozi.

Anthu anakoka mpaka misempha kutuluka, ine ndinangowonjezera kubuula. Mwadzidzidzi chingwe chinaduka. Onse amene ankakokadi anagwa chagada pamchenga, wina pamwamba pa mnzake, apongozi miyendo m'mwamba, chisoti chawo uko.

Ndinatsala ndekha chiimire, kachingwe m'manja, ndikuimbabe. Nditazindikira, nanenso ndinadzigwetsa, koma anzanga anali atayamba kale kudzuka. Yusufu anaseka mpaka misozi.

Apongozi anasasa mchenga pamalaya, n'kundiyang'ana ndili gone pansipo.

"Akamwini, dzukani," anatero. "Kugwako mwachedwa nako."