Kachilombo kovala phula

Titabwerera kwathu ku Chiuta nkhondo itatha, amuna anga anabwera ndi chifuwa chimene chinawayamba tili kothawa nkhondo ku Malawi. Anaonda mpaka malaya kumawalendewera. Ndinawatengera kuchipatala ku Insaca, kumene anawayeza makhololo n'kupeza chifuwa chachikulu. Anagonekedwa miyezi iwiri akubayidwa jakisoni, kenako anatuluka ndi mankhwala okamwera kunyumba.

Mvula itayandikira, thupi linawabwerera. Munda wathu unali utasanduka tchire, iwo mtima wonse uli pa kuswa mphanje. Tsiku lina ndinapeza mankhwala a sabata yathunthu atafinyikidwa kudenga, osamwedwa.

"Bambo, izi n'chiyani?"

"Ndachira ine. Mankhwalawo akundiwotcha m'mimba, ndilima bwanji?"

M'mawa mwake ndinabwereka njinga ulendo wa ku Insaca. Amene ndinawapeza anali atekiniko, bambo oyeza makhololo aja, aatali, zala zawo zofiira ndi utoto. Nditawafotokozera sanandikalipire. Anandilowetsa m'kachipinda kawo.

Anatenga kagalasi kopakidwa makhololo a wodwala wina, n'kuthirapo utoto wofiira. Anakawotcha pansi pake mpaka nthunzi kutuluka, anakatsuka ndi asidi, n'kuthiraponso utoto wabuluu. Kenako anakaika pa makina oonera tinthu tosaoneka ndi maso.

"Suzumirani umu, mayi. Tsinzinani diso linalo."

Poyamba ndinangoona nsidze zanga. Kenako kunayera. Ponseponse panali buluu, koma apa ndi apo panali timizere tofiira, tating'ono, topindika pang'ono.

"Tofiirato ndiye mwini nthendayo," anatero. "Khungu lake n'lamafuta olimba ngati phula. Utoto sulowa pokhapokha nditawotcha, ndipo ukalowa ngakhale asidi sauchotsa. Mankhwala nawo amavutika kulowa, komanso kachilomboka kamaswana mochedwa. M'thupi mwa amuna anu tofooka tafa, n'chifukwa akumva bwino. Totsalato akatisiya tidzadzuka, mwina tosamvanso mankhwala."

Ndinapalasa njinga kubwerera osaima ngakhale kumwa madzi. Nditafika ndinafotokoza zonse. Amuna anga anaseka.

"Ndiye iwe wasanduka dokotala lero?"

"Ndaona ndi diso langa. Inu simunaone."

Kuyambira tsiku limenelo makasu onse awiri ndi nkhwangwa ndinkasunga kwa mnansi wathu, mayi wina wachiyao. Kukacha ndinkakhala pakhomo ndi chikho cha madzi m'dzanja limodzi, mankhwala m'dzanja lina. Akameza, n'kutsegula pakamwa ine n'kuona, m'pamene ndinkapita kukatenga khasu. Anakwiya, masiku atatu osandilankhula. Alamu anga anabwera kudzandiuza kuti ndikuchititsa manyazi mwamuna. Ndinawapatsa mpando, ndinawamvera mpaka anamaliza, koma mawa lake ndinakhalanso pakhomo pomwepo. Za m'mimbazo ndinakawafotokozera anamwino, ndipo anandilangiza kadyetsedwe kake, ululu n'kuchepa.

Tinapita choncho dzinja lonse mpaka masika. Tsiku loyeza komaliza tinanyamukira limodzi, iwo akupalasa, ine kumbuyo. Tinadikira pakhonde mpaka dzuwa kupendeka. Atekiniko anatuluka ndi pepala.

"Palibe kanthu, bambo. Mwachira."

Amuna anga anavula chipewa. Chaka chotsatira anagula njinga yawoyawo, n'kuyamba kupikula nsomba kunyanja ya Amaramba. Ntchito imeneyo anaigwira mpaka mawondo atayamba kukana.