Fumbi Lachikasu la Ndege Yakale

Ndikukumbukira bwinobwino tsiku limene madzi a m'beseni anasanduka achikasu. Sichinali chikasu cha thukuta ayi, chinali chopita kobiriwira ngati ndulu ya nkhuku. Ndinali nditanyika ovololo ya amuna anga m'bafa ya fulati imene timakhala ku Al Muraqqabat, kuno ku Dubai, mabanja angapo khomo limodzi, aliyense kachipinda kake kodula ndi mabolodi. Ndinataya madziwo, kutsukuluza, n'kuthiramo ena oti ndisambitse Mphatso, mwana wanga wakhanda. Beseni linali lomwelo, tinalibe lina. Ndikumupukuta ndi pamene ndinaona tsaya lake. Tizilonda tofiira, tonyowa, tsaya limodzi lokha. Linalo losalala ngati kale.

Ndinayang'ana pilo, ndinanunkhiza sopo, ndinaganiza za kutentha kwa kuno. Nanga kutentha kumasankha tsaya? Kenako ndinaona m'maganizo mmene bambo ake amamunyamulira akangolowa: kumugoneka paphewa, tsaya lomwelo pa kolala ya ovololo. Pomwepo khutu langa linalira ndi mbama ya amayi anga, mbama ya kalekale.

Kwathu ndi ku Balaka, kolima thonje. Ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Atate ankapopera mankhwala m'munda mwathu ndi m'minda ya anthu pa ganyu, pampu ili kumsana, ikudontha n'kunyowetsa malaya mpaka m'chiuno. Amayi anali ndi lamulo limene mudzi wonse unkaliseka. Atate akachokera kopopera sankaponda pakhonde. Ankakhotera kuseri, pansi pa mtengo wa bwemba, pamene amayi anali atasiya kale ndowa ya madzi, sopo ndi zovala zina pamwala. Malaya opoperawo ankachapa okha, n'kuyanika pa nthambi yomweyo.

Mwamuna kudzichapira mkazi alipo! Ku mjigo azimayi ankatsokomola amayi akafika. Ankati anawadyetsa atate mankhwala a konda ine. Azakhali, alongo awo a atate, anabwera tsiku lina dzuwa lili pamutu, osakhala n'komwe pamphasa.

"Mlamu, mchimwene wangayu munamutola pamsika? Azisamba kuseri ngati mbuzi yankhupakupa?"

"Mukamufuna mutengeni," anatero amayi, osasiya kupeta mphale. "M'nyumba muno muli ana."

Ine ndinali mbali ya azakhali. Ndinkawakonda atate kuposa munthu wina aliyense, ndipo zinkandiwawa kuwaona akuyenda chozemba pakhomo pawo pomwe. Tsiku lina ndinawaona akubwera patali, pampu kumsana, akundikodola ndi chinthu m'manja. Ndinathamanga. Anandinyamula m'mwamba, ine nkhope yonse m'malaya onyowa aja, fungo lake lotsekemera moipa ngati chipatso chowola. Anandipatsa chigumu chimene anandisungira m'thumba la malaya. Ndinali nditangotsegula pakamwa.

Sindinawaone amayi akubwera. Chigumu chinagwera m'fumbi, mbama inatera pakhutu, ndipo anandikoka mkono mpaka kubafa miyendo ikukwekwereka. Anandivula, kundithira madzi ozizira, kundikhula ndi sopo wochapira kumaso, m'khosi, m'manja, mpaka khungu linayaka moto. Ndinakuwa kuti anali oipa, kuti ndikadzakula sindidzakhala ngati iwo.

"Lira," anatero, akundikhulabe. "Lira ndimve kuti ukupuma."

Ndikusuzumira pa udzu wa bafa ndinaona atate ataima pomwe paja. Anatembenuka n'kupita ku bwemba kwawo. Amayi sanandifotokozere kanthu, ndipo ndinawasungira chakukhosi zaka zambiri. Ndili mtsikana wamkulu ndi pamene ndinamva kwa anthu ena za kamanda kamene ankakalambula okha chaka chilichonse, ka mwana wawo woyamba, amene ankakonda kugona pachifuwa pa atate akangobwera kumunda.

Tsopano ndinali m'bafa ya eni ku Dubai, khanda m'manja, ovololo ikudontha pa chingwe.

Amuna anga anabwera kuno ngati okolopa. Kenako anapeza ntchito m'chishedi chachikulu kunja kwa tauni, kumene munthu wina wachuma, amene ine sindinamuonepo, akukonzetsa ndege yakalekale kuti iulukenso. Ndinaiona pa foni yawo. Ndi ndege yoti mimba yake ndi boti, mapiko ali pamwamba, mainjini awiri pamwamba penipeni, ndipo matayala amatuluka m'nthiti. Imatera pamtunda, imateranso pamadzi. Akuti ndi yakale kuposa makolo athu. Inabwera zidutswazidutswa, madzi amchere atayidya. Ntchito ya amuna anga ndi kuisenda: kukhula penti yakale ndi sandipepa ndi mankhwala mpaka chitsulo chiwale, kuti akatswiri aone pamene pavunda, adule, aike chigamba, akhome timisomali tatsopano. Pansi pa penti yapamwamba pali penti ina, yachikasu chobiriwira. Imeneyo ikamachoka imasanduka fumbi losalala ngati ufa woyera.

Ndegeyo amuna anga amaikonda, ndisaname. Ndi imene inawakweza mpaka anatha kutiitanitsa ine ndi ana. Ankanena maso akuwala, akundiitana ndi dzina la mwana wathu Takondwa, kuti, "Amayi a Tako, tsiku limene idzauluke, manja angawa adzakhala m'mwamba." Kuntchitoko kuli mamasiki, kuli mabafa, kuli posiya maovololo kuti achapidwe konko. Koma anzawo a kumudzi anawaseka kuti mkazi wafika koma akuchapitsabe ku kampani ngati batchala. Komanso ovololoyo ili ndi chithunzi cha ndege kumsana. Mu sitima ya Metro anthu amacheuka, mlonda wa pansi pa nyumba yathu amawatchula injiniya. Ndiye ankabwera ataivala, n'kundipatsa kuti ndichape, ndisite.

Ku kiliniki anatipatsa mafuta opaka. Adokotala atamva za ntchito ya bambo ake anati zovala zimenezo zisayandikire ana. Madzulo ake ndinadikira kuti adye kaye.

"Bambo a Tako, ovololo iyi izitsala kuntchito."

"Watopa kuchapa?"

"Sindinatope. Taonani tsaya la mwana."

"Ndi thukuta limenelo. Ana onse kuno amatuluka zimenezo."

"Nanga magazi amene mukumamina m'mawa uliwonse?"

Anaika sipuni pansi. "Ndi mphepo yozizira ya eyakoni. Iwe wayamba liti udokotala? Khalas, nkhani yatha."

Sinathe. Lamlungu titabwerako ku tchalitchi, kuchipinda kwathu kunabwera alamu anga, alongo awo a amuna anga, amene amalera ana a eni ku Mankhool, dera lina la kuno. Makoma athu ndi mabolodi, ukayetsemula oyandikana nawo amamva. Iwo sanatsitse mawu.

"Mlamu, ndamva kuti Dubai yakulowani m'mutu. Mkazi wokana kuchapa za mwamuna wake, kwanu amati chiyani? Munabwera pa viza ya ndani? Sitandade sikisi yanuyo ndi imene ikuuzeni za ndege? Kumudzi kuli atsikana oti angachape ovololo imeneyo akuimba."

Ndinangoti, "Ndamva, alamu." Kukhitchini azimayi anzanga anayamba kukhala chete ndikalowa, wina n'kutsokomola. Kutsokomola komwe kuja kwa ku mjigo, kwandipeza kutsidya kwa nyanja.

Mantha ndinali nawo, eetu. Mapepala athu onse ali m'dzina lawo. Atakwiya n'kutigulira tikiti, ndikafikira kuti ndi ana awiri? Ndinachapanso ovololo ija, ndikuvomera, ndinachapa ndikulira. Koma zilonda za Mphatso zinatsikira kuseri kwa khutu, ndipo tsiku lina ndinapeza Takondwa, mwana wathu woyamba wa zaka zinayi, atavala chipewa cha kuntchito cha bambo ake, manja atatambasula, akuuluka pabedi. Pomuvula, pachipumi panatsala mzere wachikasu. Anali akuyamwa chala.

Ndinamusambitsa mpaka analira. Ndinakagula beseni lina. Ndinakolopa chipinda chonse, pansi pa bedi, pamwamba pa kabati, nsalu ikutuluka yachikasu m'makona. Ndinatsikira kwa mlonda kukapempha ndi manja ndi Chingerezi changa chothyoka kuti amuna anga azisamba m'kabafa kake ka pansi. Ndiye ndinaika m'jumbo malaya oyera, buluku, thawulo, sopo ndi pepala lakuda lomangiramo ovololo. Nthawi yoweruka itayandikira ndinakoka tcheni cha pachitseko cha chipinda chathu.

Anagogoda. Ndinatsegula pang'ono pokwana mkono n'kutulutsa jumbo ija.

"N'chiyani ichi?"

"Mukasambe pansi, ndapempha kale. Ovololo mumange m'pepalamo, mawa ibwerere kuntchito."

"Tsegula chitseko."

"Mukabwera mutasintha nditsegula."

"Ukundivula pamaso pa anthu? Chipinda ndimalipira ndine! Yalla, tsegula!"

Zitseko zina zinali zitatseguka kale, ndinkazimva. Takondwa anamva mawu a bambo ake n'kuthamangira pa mpata uja, kamkono kali kunja, akufuna kugwira mwendo wa ovololo. Ndinamukoka mwamphamvu moti zala zanga zinadinda pa mkono wake. Anagwa chagada, anandiyang'ana misozi ili mbwee.

"Amami ndinu oipa! Ndikufuna adadi!"

Koma tcheni sindinachotse.

Amuna anga anaponya jumbo pansi n'kuchoka. Anakagona kwa anzawo ku nyumba za kampani. Masiku amenewo sindinadye bwino, foni ikalira ndinkaganiza kuti ndi tikiti. Alamu anatumiza mawu aatali pa foni, sindinawamalize kumvera. Mphatso tsaya linayamba kuuma, nkhanambo zikugwa zokha.

Amuna anga anabwera Lachisanu, atavala malaya awoawo, tsitsi lonyowa, m'manja mulibe kanthu. Sanandipatse moni. Anaima pakhomo n'kuyang'ana tsaya la mwana nthawi yaitali, basi, n'kulowa. Mpaka lero za ndege sandiuzanso. Ndimangomva akuuza Takondwa kuti mapiko alumikizidwa, kuti injini imodzi inalira koyamba mpaka malata a chishedi ananjenjemera. Alamu sandiyankha moni ku tchalitchi. Kukhitchini dzina langa ndi Bwana Tcheni.

Ine ndili ndi kansalu koyera kamene ndimapachika kuseri kwa chitseko. Akagogoda ndimagwira Takondwa ndi dzanja limodzi, linalo ndimapukuta bambo ake kuseri kwa makutu, m'khosi ndi m'tsitsi. Kansalu kakatuluka koyera ndimamasula mwana. Sabata yatha kanatuluka kachikasu. Ndinawaonetsa. Anakayang'ana, anandiyang'ana ine, n'kutembenuka kupita ku lifiti, mapewa atagwa, mayendedwe omwe aja a atate popita ku bwemba. Takondwa anandimenya ntchafu ndi tizibakera take akukuwa.

Ndinkayesa kuti amayi anga analibe chisoni ndi atate. Tsopano ndikudziwa kuti chinkawapweteka tsiku lililonse, ndipo ankatunga madzi aja n'kukawaika pamwala chikuwapweteka chomwecho. Ndinamugwira mwanayo osamusiya, ndikumvetsera kulira kwake, mpaka lifiti inabwereranso.