Mpando Wanga mu Pikiapu ya Bambo

Ndikukumbukira fungo la mkati mwa pikiapu ya bambo anga: dizilo, fumbi ndi feteleza. Bambo anali mlangizi wa zaulimi. Kwathu ndi ku Dedza, koma boma litawatumiza ku Rumphi anagula galimoto yakaleyo kwa mlimi wina wa fodya. Inali ya mipando iwiri yokha. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, koma msinkhu wanga unali wa mwana wa sitandade 2. Ndikakhala pampando, zimene ndinkaona ndi dashibodi yong'aluka ndi nsonga za mitengo basi. Galimoto ikangoyamba kukhotakhota, mseru unkandigwira, ndipo ulendo uliwonse unkathera m'pepala la pulasitiki. Lamba naye ankandidutsa pakhosi, ndiye bambo akayang'ana kumbali ndinkamuponyera kumsana.

Chaka chimenecho achemwali anga a Mphatso ankakwatiwa ndi mphunzitsi wa ku Khondowe, ndipo ine ndinasankhidwa kumwaza maluwa. Diresi loyera linali litasokedwa kale. Mayi anati msewu wa mapiri umene uja sindingaupirire, bola ndikasiyidwe kwa aneba kusiyana ndi kukafika kutchalitchi ndili wobiriwira ngati chisoso. Ndinalira mpaka kutupa maso. Bambo, amene sankatha kuona munthu akulira, anati vuto ndi loti sindiona msewu. Anatenga mapilo awiri pabedi lawo, n'kunena kuti tikayese pa ulendo wawo wokaona alimi ku Nchenachena.

Poyamba zinayenda bwino. Ndinali pamwamba ngati mfumukazi. Koma titangodutsa kamlatho kena, mbuzi inadumphira mumsewu, bambo n'kuponda mabuleki. Mapilo anatereka, ine ndinapita nawo limodzi, ndipo ndinapezeka ndili pansi, pamalo oika miyendo, chibwano chikutuluka magazi. Bala linali laling'ono. Chimene sindiiwala ndi manja a bambo. Mpango anaugwetsa kawiri asanandipukute. Ataona lamba ali womanga bwinobwino kumbuyo kwanga sanandikalipire. Kusandikalipira kumeneko kunandipweteka kuposa chibwano.

Loweruka lotsatira tinapita kwa a Msiska, amene ankakonza masofa ndi mipando ya minibasi kuseri kwa msika. Anali munthu wamtali, wa misomali itatu pakamwa nthawi zonse. Bambo anapempha kuti amasule mpando wonse, aike matabwa pansi pake. A Msiska analavulira misomali m'dzanja.

"Yayi, adada. Mabawuti awa ndiwo agwira mpando ku galimoto. Mukaikapo matabwa, tsiku la ngozi mwana auluka ndi mpando wake womwe."

Anandikhazika pampando n'kumandilowetsera zidutswa za siponji yolimba, ija yosabonyeka ngakhale uyipondepo, chimodzi pamwamba pa chinzake. Akaika chimodzi ankakoka lamba n'kuyang'ana pamene wadutsa. Pa chidutswa chachitatu lamba anachoka pakhosi n'kugona paphewa, wam'munsi n'kugwira mafupa a m'chiuno, osati pamimba. Anaonetsetsanso kuti mutu wanga ukutsamirabe kumbuyo, mpando n'kuukankhira kutali ndi dashibodi. Siponji ija anaikuta ndi nsalu yofiirira yotsala pa sofa ya munthu wina, n'kusokerera zingwe ziwiri zochindikala zomangira kuseri kwa mpando. Kenako anaigwira ndi manja awiri n'kuikoka mwamphamvu mpaka galimoto yonse inagwedezeka. Sinasunthe.

"Sono iwe, mama," anatero akundiloza ndi sizasi, "lamba uyu ukamuikanso kumsana, ine nimva. Madalaivala onse a pa Rumphi ni banyane, anzanga enieni."

Ndinawakhulupirira ndi mtima wonse. "Yewo chomene," ndinayankha, ndipo anaseka Chitumbuka changa cha ku Dedza.

Mayi ndi a Mphatso anatsogola kudakali masiku atatu. Ine ndi bambo tinanyamuka m'mawa wa tsiku la ukwati, diresi lili m'chikwama kuopa fumbi. Umenewo ndiwo ulendo woyamba umene ndinaona dziko. Ndinaona minda ya khofi ndi nthochi yokwera m'mapiri, amayi atasenza chinangwa, ana akutibayibitsa, ine n'kumawabayibitsanso ngati phungu. Kona iliyonse ndinkaiona isanafike, ndipo mimba yanga inakhala phee. Mphepo yozizira inkalowa pawindo ikununkhira paini. Bambo anayamba kuimba nyimbo ya kutchalitchi, mawu awo oipa aja, ine n'kumawathandiza. Titafika, mayi anandigwira masaya, kundinunkhiza, n'kufunsa bambo ngati anandimwetsa mankhwala. Maluwa ndinamwaza, mwina mopitirira muyeso, chifukwa anandithera tisanafike pakati pa tchalitchi.

Masiku ano zinthu n'zina. Mipando ya ana imagulitsidwa m'sitolo, ndipo mwana wanga amakhala kumbuyo pa wake, monga kuyenera. Galimoto yanga ili ndi kachogwirira m'mbali mwa mpando, ukakapopa mpando umakwera wokha. Ineyo ndimakapopa kwambiri ndithu, chifukwa msinkhu sunandikomere mtima mpaka lero.

Bambo anapuma ntchito, ndipo ukalamba wawapinda msana. Mwezi watha ndikuwatengera kuchipatala ndinaona kuti amira mumpando. Nditayamba kuukweza anadandaula kuti iwo si mwana. Ndinawasiya. Titayenda pang'ono anakhosomola, n'kunena osandiyang'ana: "Takwezako pang'ono, ndione mmene anthu abzalira chimanga chaka chino."